Masewera a 61 a Colby

Tucson, 4 Januwale 2009

Zaka za Colby mu timu ya Red Willow: 5
Masewera onse m'zakazo kufika Disembala: 12 × 5 = 60
A pakhomo, amene inu munapita kukaonera: 30
A koyenda, amene ankamusiya: 30
Chaka chino: apambana 12, agonja 0
Malo amene ovota anawapatsa: 9
Masewera amene Colby analowa m'bwalo pa 60 aja: 0

Okondedwa achimwene Arvid,

Landirani moni kuchokera kuno kotentha. Kodi chiuno chija chikupeza bwanji? Alamu anga Ardis akuti mwayamba kuyenda ndi ndodo imodzi m'malo mwa ziwiri, ndipo akutinso anakupezani kukhola la ng'ombe adokotala atakuletsani. Nkhani yoyambayo ndakondwera nayo. Yachiwiriyo sindinadabwe nayo.

Ife kuno tili bwino. Bondo langa limadandaula m'mawa wokha, dzuwa likakwera limaiwala. Renae wanga akugwirabe ntchito kuchipatala chija, ndipo mwamuna wake Ruben wakonza denga lomwe linkadontha. Sabata yatha ndinapeza chinkhanira mu nsapato yanga yakutchalitchi, moti tsopano ndimakutumula nsapato zonse ndisanavale. Mtengo wa malalanje wabereka kuposa chaka chatha, koma sindikuuzani angati, chifukwa ndikudziwa kuti museka.

Chimene chandilembetsa kalatayi ndi zimene ndinamva kukhitchini kuno pa tsiku la chaka chatsopano. Mdzukulu wanu Colby anakuimbirani foni ine ndili pomwepo ndikupukuta mbale. Anati, "Tapambana, agogo." Anamvetsera pang'ono, n'kuti, "Eya, kuno kukutentha." Kenako anafunsa ngati chipale chofewa chatseka msewu wakumunda, anatsanzika, n'kuika foni pansi. Ndinamufunsa ngati nkhani yake yonse ndi yomweyo. Anandiyankha kuti agogo sanafunse zina. Amuna a kwa Haugen mumanditopetsa. Mwanayu munamulera nokha kuyambira ali ndi zaka zinayi, mwamuphunzitsa kuyendetsa thirakitala ndi kuponya mpira, koma kulankhula munamupatsa kwanu komweko.

Ardis akuti magetsi anathima kwanuko chigawo chachinayi, chomaliza, chitangoyamba, ife tili m'mbuyo 20 kwa 17. Nyuzipepala inakuuzani kuti tinapambana 24 kwa 20. Zina zonse palibe amene wakuuzani. Alamu angawo ndinawafotokozera mwachidule, koma ndinawapempha kuti asakuuzeni, chifukwa iwo mpira sautsata ndipo akanausokoneza. Ndiye khalani pansi, ndodoyo muiike pambali, ndikuuzeni mwa dongosolo lake.

Inu ndi ine takhala tikukangana za mpira wa makoleji, uwu wa ku America wonyamula m'manja n'kugwetsana, kuyambira bambo ali moyo. Ine ndimanena kuti katswiri wa dziko lonse azipezeka pa mpikisano wachipulula: matimu abwino akumane, wogonja azipita kwawo, wotsala yekhayo ndiye katswiri. Inu mumati zisiyeni momwe zilili, timu iliyonse yabwino iitanidwe ku masewera amodzi a kumapeto a chaka, ku Bowl, kudziko lotentha, anyamata akasewere, akadye, abwerere. Ndaphunzitsa masamu zaka 38, ndipo sindinamvetsepo kuti katswiri angasankhidwe bwanji ndi mavoti a atolankhani ndi makochi, ngati akusankha mfumukazi ya pa chionetsero cha zaulimi. Inu mumangoti, "Marlys, si zonse zimalowa m'kope lako."

Ndiye mukhoza kuganiza momwe ndinapsera mtima mu Disembala. Red Willow yapambana masewera onse khumi ndi awiri, koma ovota aiika pa nambala 9, kumbuyo kwa matimu amene anagonjapo, ati chifukwa ndi sukulu yaing'ono ndipo imasewera ndi anzake aang'ono. Ku masewera olimbirana ukatswiri sanaiitane. Anaitumiza ku Mesquite Bowl, konkuno ku Tucson. Ine ndi Ruben tinadandaula sabata yathunthu. Inu munandiimbira n'kukuwa m'khutu mwanga kuti, "Akubweretsera mwana pakhomo, iwe ukudandaula chiyani?" Ndinakuyankhani kuti chilungamo sichiyang'ana pakhomo pa munthu. Simunamve, munati ndibwereze, ine ndinakana.

Colby tinakamulandira ku bwalo la ndege. Anatsika ndi anzake onse atavala majekete ofanana, akumwetulira ngati mwana wa sitandade wani. Anandikumbatira n'kundinong'oneza kuti, "Agogo, aka n'koyamba kukwera ndege ya timu." Ndinkadziwa kuti ku masewera a koyenda amatenga anyamata 70 okha pa 112, ndipo Colby, poti analowa mu timu yekha wopanda kuitanidwa, ankatsala nthawi zonse. Koma sindinaganizepo kuti ku Bowl amatenga onse, mpaka wotsiriza. Madzulo ake Ruben, amene ali mbali yanga pa mkanganowu, anandiuza monyinyirika kuti m'makoleji aang'ono amene amachita chipulula, amawerenga anyamata ovala yunifomu, otsalawo amaonera kunyumba. Ndinamufunsa chifukwa chimene sanandiuzire kale. Anati ankaopa kuti ndikauza achimwene anga.

Ntchito ya Colby inu mukuidziwa kuposa ine, koma ine ndinaiona ndi maso anga koyamba pa tsiku lomaliza lokonzekera, pamene analola makolo kulowa. Sabata iliyonse amamuveka nambala ya wosewera woopsa wa timu imene akukakumana nayo, iye n'kumutsanzira kathamangidwe ndi kakhotedwe, kuti anzake aphunzirirepo kumugwetsa. Tsiku limenelo anavala nambala 5, ya mnyamata waliwiro wa timu ya ku Texas. Anaphunzira ngakhale momwe mnyamatayo amagwedezera phewa asanakhote. Ndinawerengera mumtima kuti m'zaka zisanu Colby wakhala anthu pafupifupi 60, ndipo onsewo amenyedwa. Nambala yake yeniyeni, 38, yangoima m'mbali mwa bwalo.

Pali mnyamata wina dzina lake Tevita, kaputeni wawo, wamkulu ngati chitseko cha nkhokwe yanu. Anamugwetsa Colby mpaka ine ndinamva ululu m'bondo langa. Kenako anamudzutsa ndi dzanja limodzi n'kuti, "Pepa bwanawe, ndimayesa wa ku Texas uja." Colby akulavula udzu anayankha kuti, "Wa ku Texas uja akanakuthawa kalekale, chimbalangondo iwe. Bwerera pamalo pako, tibwereze." Anabwereza. Tevita anamuphonya, ndipo Colby anamulangiza kuti aziyang'ana chiuno, osati phewa. Kaputeniyo anamvera ngati akumvera kochi. Achimwene, mwana uyu amamulemekeza kumeneku. Sindikunena kuti amamumvera chisoni, ayi. Amamulemekeza.

Atamaliza ndinapita kwa kochi wawo, bambo Harbeck, n'kuwafunsa mosazungulira ngati nambala 38 ilowe mawa. Colby anali kumbuyo kwanga akupempha kuti nthaka imumeze. Kochiyo ndi munthu waulemu. Anavula chipewa n'kuti, "Mayi, tikakhala patsogolo ndi mapointi makumi awiri, ndimulowetsa ndekha, ndimugwire dzanja." Ndinafunsa kuti nanga tikakhala patsogolo ndi anayi okha. Anati, "Ndiye mudzandikhululukire." Sindinawakwiyire. Anali ndi chaka chosagonja m'manja, ndipo anandiuza zoona.

Tsiku la masewera, pa 31 Disembala, kumwamba kunali mbee. Amayi ake a Ruben anatikulungira matamale, timitanda ta ufa wa chimanga ndi nyama tophika m'makoko, okwana anthu khumi, ife tili atatu. Ndinatenga galasi loonera patali la malemu amuna anga Gordon, lija ankaonera nalo atsekwe. Gulu la zitoliro ndi ng'oma la kwathu linaimba nyimbo ya sukulu, ndipo anthu akwathu, oyera ngati mkaka, anali atavula malaya a mphepo akupsa ndi dzuwa mosangalala. Apa ndikuvomereza kuti ndinakukumbukirani, ndi bambo, momwe tinkakhalira pa chaka chatsopano mawindo atachita chipale, tikuonera pa kanema anthu atavala malaya a manja aafupi. Inu munkati tsiku lina mudzapita. Mpando wanu unalipo, ndinaikapo matamale.

Zoyambirira munaziona. Munaona mnyamata wopereka mpira pakati pa miyendo akuvulala m'chigawo chachiwiri, ndi wolowa m'malo mwake akunjenjemera. Munaona mpira ukupulumuka kawiri pakati pa iye ndi Landon, woponya wathu, ndipo kamodziko kanatidyera mapointi 7. Musaiwale zimenezi, zibweranso.

Magetsi anu atathima, zinayenda chonchi. Kutatsala mphindi ziwiri, Landon anaponya mpira wautali, ndipo Marquis, mnyamata wa manja abwino kuposa onse mu timu, anaulandira pakona n'kutipatsa 24 kwa 20. A ku Texas anabwerera mwaukali mpaka pakati pa bwalo. Pa mwayi wawo wotsiriza anapatsa mpira nambala 5 uja. Anagwedeza phewa. Tevita sanayang'ane phewa, anayang'ana chiuno, n'kumufungatira pomwepo. Mpira unabwerera kwa ife kutatsala masekondi 50, iwo alibenso njira yoimitsira wotchi.

Apa chotsala n'kugwada basi, monga mudziwira. Woponya amalandira mpira n'kugwada nawo, wotchi n'kumapita. Ndipo amaimika munthu mmodzi kutali kumbuyo kwa onse, kuti mpira ukapulumuka, mdani n'kuutola, pakhale womugwira. Ndinawerengera msanga kuti pafunika kugwada kawiri. Kugwada koyamba, kumbuyo kunaima Marquis. Bwalo lonse linali likuvina. Ine ndinaloza galasi langa m'mbali. Colby anali chiimire, chisoti m'manja, akuomba nacho pantchafu kusangalalira anzake. Kunatsala kugwada kumodzi, ndipo kukatha kumeneko mpira wa moyo wake wonse watha. Ndinamugwira Renae dzanja. Ndinkaganiza za maulendo anu 30, maola atatu kupita, atatu kubwerera, kukaonera mwana ataima.

Wotchi itafika pa masekondi 9, timu yathu inapempha kupuma. Ndinaona Marquis akuyenda kutuluka m'bwalo, anavula chisoti, n'kuchikhalira. Tevita ndi Landon anazinga kochi. Kochi ankapukusa mutu, akuloza mnyamata wonjenjemera uja. Zimene ankanena sindinazimve pamenepo, anandiuza Tevita mawa lake akudya kwathu kuno, ndipo ndikukupatsani momwe anazinenera.

Kochi anati, "Mpirawu watipulumuka kale kawiri lero. Ukagwa kachitatu, autole athawe nawo, chaka chonse chapita. Marquis, dzuka."

Marquis anati, "Mwendo wandikokana, kochi."

"Mwendo uti?"

"Uliwonse umene mungasankhe, kochi."

Tevita anati, "Kochi, munthu uja mphindi yapitayi ndamugwira chifukwa cha Haugen. Wakhala akunyamula mipira ya adani athu zaka zisanu osagwetsa. Wathu ndiye angagwetse?"

Akuti kochiyo anayang'ana wotchi, anayang'ana anyamatawo, anatukwana mawu amene Tevita anakana kundibwerezera, n'kukuwa kuti, "Haugen!" Izi ndiye ndinaziona ndekha: Colby anacheuka kumbuyo kwake kuyang'ana ngati pali Haugen wina. Anzake anachita kumukankha. Anathamanga akumanga lamba wa chisoti, anadutsa onse, n'kukaima mayadi khumi kumbuyo, miyendo atatangadza, manja patsogolo, ngati mmene mumaimira inu pachipata ng'ombe ikafuna kuthawa.

Achimwene, ine sindinakuwepo pagulu chibadwire. Ngakhale m'kalasi sindinkakweza mawu. Koma ndinapezeka ndaima pa bondo loipa lomweli ndikukuwa dzina lake. Bambo wina kumbuyo anati, "Gogo, takhalani pansi, masewera atha kale!" Ruben anamuuza kuti mdzukulu wawo walowa. Bamboyo anafunsa kuti uti. Ruben anati, "Uyo amene sakuchita kanthuyo." Bamboyo anaima naye n'kuyamba kukuwa kuti "Colby! Colby!" osamudziwa n'komwe, ndipo mzere wathu wonse unatsatira.

Ndinapemphera kuti mpira usagwe, ndipo sindikubisirani, kachigawo kena ka mtima wanga kankafuna ugwe kuti aone zimene mwanayu angachite. Sunagwe. Unafika m'manja mwa Landon bwinobwino, anagwada, wotchi inatha. Colby sanakhudze munthu, sanasunthe phazi. Anachita ndendende ntchito imene anamuimikira.

Landon atadzuka sanaponye mpira m'mwamba monga achitira ena, ndipo sanaupereke kwa woimbira. Anatembenuka, anayenda mayadi khumi aja, n'kuuika m'manja mwa Colby. Kenako Tevita anamunyamula paphewa, ndipo sindinaonenso kanthu chifukwa galasi la Gordon linachita nkhungu. Renae akuti si galasi. Renae amalankhula kwambiri.

Pa chakudya cha chaka chatsopano Ruben anandifunsa pamaso pa onse kuti, "Ndiye amayi, mwasamukira kwa amalume Arvid?" Ndinamuuza kuti sindinasamuke, ndipo ndikukuuzani inunso kuti musayambe kukondwa. Timu iyi yapambana 13, yagonja 0, ndipo palibe munthu padziko lapansi amene adzadziwe ngati inali yoposa onse, chifukwa sanailole kuyesa. Chimenecho n'cholakwika, ndipo chidzakhala cholakwika ngakhale mutandikuwira m'khutu. Anyamata ngati Tevita anayenera kupatsidwa mpata wogonja kapena kupambana pabwalo, osati papepala la munthu amene sanawaonerepo.

Koma ndinatembenukira kwa Colby n'kumufunsa maganizo ake, poti iye ndiye wamenyedwa zaka zisanu, osati ife. Anameza tamale, anaganiza nthawi yaitali monga muchitira inu, n'kuti, "Agogo, ndikanakonda tikanakumana ndi a nambala wani. Tikanawathyola. Koma ine ndikanaonera pa kanema ndi agogo Arvid kumunda, magetsi n'kuthima." Tevita anaseka mpaka kutsamwa. Ine sindinaseke.

Ndakhala ndikusinkhasinkha mawu amene mumakonda kunena aja, akuti pa chipulula onse amatsiriza chaka akulira kupatula mmodzi. Ndinkati amenewo ndi maganizo a mtima, si masamu. Ndawayesa. Pa chipulula cha matimu 16, matimu 15 amapita kwawo atagonja. Chaka chino ma Bowl alipo 34, ndiye kuti matimu 34 atsiriza akuimba, iliyonse ndi Colby wake amene wakwera ndege koyamba. Ndi masamu ndithu. Sakuyankha funso langa loti katswiri ndani, koma akuyankha funso lina limene ine sindinkafunsa. Ngati tsiku lina adzandimvera n'kuyambitsa chipulula, ndidzawalembera kalata kuti ma Bowl asawaphe. Apo ndiye pamene ndafika, ndipo sindipitirira.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi limodzi lokha. Colby akhala nafe mpaka Lachisanu, afika kwanuko pa 10, kalatayi itakupezani kale. Mpira uja waukulunga mu juzi, wauika pansi pa chikwama. Wandiuza kuti ndi wanu, koma sakudziwa kuti adzayambira pati, ndipo ndikumudziwa, akhoza kuusiya m'chikwamamo mpaka Pasaka. Akadzalowa m'nyumba, musamufunse za msewu, kapena za matayala, kapena ngati ndege inachedwa. Mumufunse kuti, "Kodi unalowa?" Mukatero mukhale chete, mudikire. Musamuuze kuti ndakuuzani kale. Mulole akuuzeni yekha, ngakhale zimutengere mpaka khofi atazizira. Munayenda maulendo 30 kuti muone chinthu chimodzi, ndipo magetsi anakulandani. Iye yekha ndi amene angakubwezereni. Mbalame youmika ija ya pamwamba pa kanema muichotseretu kuti mpirawo upeze malo, yakhalapo mokwanira.

Mundiperekere moni kwa alamu anga Ardis, muwauze kuti lefse anatumiza uja, mkate wathu wopyapyala wa mbatatesi, anafika wosasweka ndipo Tevita anamumaliza yekha. Moni kwa mng'ono wanga Joyce ndi ana ake, kwa msuweni wathu Duane amene amati mpira ndi kutaya nthawi, ndi kwa amayi a kwaya onse amene akundikumbukabe. Renae ndi Ruben akupereka moni kwa amalume awo. Kukhola musapiteko mpaka adokotala atalola.

Nazi ziwerengero zokonzedwa, kuti muchotse zapamwamba zija:

Masewera onse: 60 + 1 = 61
Chaka chino: apambana 13, agonja 0
Mavoti a patebulo pano: chipulula 2, Bowl 1, wokana kuvota 1
Voti yanu, imene ndikuidziwa kale: Bowl, ndiye kuti 2 kwa 2
Mipira imene Colby anagwetsa: 0
Masewera amene Colby analowa m'bwalo: 1

Ndine mlongo wanu wokukondani, amene sanagonjebe,

Marlys Tollefson